Mwini Mlandu ndi Mwini Cholembera

Mwa anthu onse amene sukulu yatibalira m'dziko muno, palibe amene mbiri yake ili yovuta kuinena m'midzi ya ku Angónia kuposa loya, amene ena amamutcha adivogadu monga mwa chilankhulo cha boma. Pakuti mphunzitsi timam'dziwa ndi ana athu amene amabwera kunyumba akudziwa kuwerenga, namwino timam'dziwa ndi bala limene lapola, mlangizi wa zaulimi timam'dziwa ndi mbatata imene yachita bwino kudimba, koma loya, amene ambiri a ife sitinam'onepo ndi maso ngakhale timamva za iye pa wailesi, timam'dziwa ndi mphekesera zokha, ndipo mphekeserazo, kuyambira ku Domwe kufikira kumalire a Calomue, zimanena chinthu chimodzi: kuti iyeyu ndi munthu wolipidwa kuti bodza aliveke malaya a choonadi. Ine ndikuti chiweruzo chimenechi n'chokhota, ndipo ndiyesa kuonetsa pamene chakhotera. Komabe sindiyamba ndi kudzudzula anthu akwathu, monga amachitira ophunzira ena amene akamva mlimi akudandaula amathamangira kunena kuti ndi umbuli, popeza mbiri yoipa ili ndi makolo ake, ndipo makolo a mbiri imeneyi timawadziwa maina awo ndi zaka zawo.

Makolo athu, Achewa eni nthaka pamodzi ndi Angoni a kwa Maseko amene anadzamanga patsinde pa phiri la Domwe, sanali alendo pa ntchito yolankhulira munthu pa mlandu. Munthu akapalamula, kapena akalakwiridwa, sankaima yekha pabwalo; ankapita ndi nkhoswe yake, kawirikawiri malume kapena mkulu wa pamtundu, wodziwa poyambira nkhani ndi polekezera, wodziwa mawu oyenera kunenedwa ndi mawu oyenera kumezedwa, ndipo mwini mlandu ankakhala pambali, maso ali pansi, kumvetsera moyo wake ukuyalidwa ndi pakamwa pa wina. Nkhosweyo inkakometsa ndithu mbali ya mbale wake, ndipo panalibe woiyesa yabodza chifukwa cha ichi, pakuti aliyense ankadziwa kuti mbali inayo ilinso ndi nkhoswe yake, ndi kuti mfumu ndi nduna zake adzapeta mawu a onse awiri. Koma nkhoswe inali yomangika pawiri. Inkalankhula chilankhulo chimene mwini mlandu, mkazi wake, ngakhale ana okwera m'mitengo ankachimva, kotero kuti ikapotoza nkhani, wina ankatsokomola pomwepo, amayi nayamba kung'ung'udza kumbuyo. Ndiponso bwalo likabalalika inkabwerera kumudzi njira yomweyo yodzera wotsutsana naye, nidzakumana naye mawa pamaliro, mkuja pamowa. Mlandu suola, ankatero akale, ndipo nkhoswe yonama inkadziwa kuti bodza lake lidzaipeza pakhomo. Sindikunena kuti bwalo lakale linali la angelo. Mwavi unapha osalakwa ambiri, ndipo wamasiye wopanda abale mlandu unkamuipira asanatsegule pakamwa. Chimene ndikunena n'chakuti wolankhulira mnzake ankaoneka, ankamveka, ndipo ankapezeka.

Kenaka kunadza Apwitikizi, namanga boma lawo pamalo pamene anapatcha Vila Coutinho, pamene lero ndi pa Ulongwe, ngakhale ambiri timangoti ku Vila. Ndipo pamodzi ndi iwo kunadza mlandu wa mtundu wina, wolembedwa papepala, wonenedwa m'chilankhulo chachilendo. Pansi pa malamulo a indigenato, amene ankasiyanitsa mbadwa zakuda ndi azungu kufikira atathetsedwa mu 1961, munthu wakumudzi sankaweruzidwa ndi katswiri wa malamulo. Ankaimirira pamaso pa mzungu wolamulira boma kapena mkulu wa positi, amene anali yekha wotsutsa, woweruza ndi wolanga, pakati pawo pataima womasulira, pakhomo pataima msupayi, mbalamatodya ili m'dzanja. Maloya analipo ndithu, koma ku Lourenço Marques ndi ku Beira, akusamala za minda, masitolo ndi chuma cha atsamunda; ndipo ngakhale ena mwa iwo, monga Rui Baltazar amene pambuyo pake anadzakhala nduna yoyamba ya zachilungamo, analimba mtima kuteteza omangidwa pa zandale, mbiri yawo sinakwere mapiri ano. Chimene agogo athu anaphunzira n'chakuti pepala likatuluka m'thumba la munthu wovala nsapato, pali msonkho, kapena chibalo, kapena munda ukupita. Ndipo ambiri, posafuna kuphunzitsidwa kawiri, anasenza mitolo usiku nawolokera ku Dedza ndi ku Ntcheu.

Ufulu utabwera, boma latsopano linayang'ana maloya ndi diso lomwelo limene anthu wamba ankawayang'anira, ndipo pa 24 Julaye 1975, patangopita mwezi chilandirireni dziko, Samora Machel analengeza kuti zipatala, sukulu, ntchito ya uloya, ngakhale malonda oika maliro, zonse zalowa m'manja mwa boma, kuti pasakhalenso munthu wogulitsa chilungamo kapena mankhwala. Cholingacho chinali chokoma, ndipo makhoti a anthu amene anakhazikitsidwa ndi lamulo la 1978, okhala ndi oweruza osankhidwa pakati pa alimi ndi antchito, amayi ali momwemo, anasendeza chiweruzo pafupi ndi mudzi. Koma taonani zimene zinachitika mu 1983. M'chaka chimenecho sukulu ya malamulo ya pa yunivesite ya Eduardo Mondlane inatsekedwa, nikhala chitsekere kufikira 1987. M'chaka chomwecho kunatuluka lamulo lobwezera chikoti, kuti olakwa azikwapulidwa poyera. M'chaka chomwechonso anthu zikwizikwi anagwidwa m'mizinda monga malova natumizidwa ku Niassa popanda wowalankhulira. Ndipo kutsidya kwa malire, kumene ambiri a kuno anali pafupi kuthawirako nkhondo, m'chaka chomwecho Orton Chirwa, loya woyamba wachikuda wa ku Nyasaland, pamodzi ndi mkazi wake Vera, amenenso anali loya, anagamulidwa kuti aphedwe ndi khoti lotchedwa lamakolo, limene silinkalola kuti woimbidwa mlandu aimiridwe ndi loya. Chilangocho chinasinthidwa kukhala ndende ya moyo wonse. Mwamunayo anafera m'ndende ya Zomba mu 1992, mkaziyo natuluka chaka chotsatira. Tsono amene amati dziko likanakoma pakanapanda maloya, apite akafunse akulu amene anaona chaka chimenecho, pakuti maiko onse awiri anayesa njirayo, ndipo amene anapuma bwino sanali amphawi ai, koma olamula.

Nkhondo itatha mu 1992, dziko linabwerera m'mbuyo kukatola chimene linataya. Mu 1994 nyumba ya malamulo inakhazikitsa mabungwe awiri: Ordem dos Advogados de Moçambique, ndilo bungwe la maloya oima paokha, ndi IPAJ, ofesi ya boma yolankhulira kwaulere anthu osowa ndalama. Malamulo aakulu a dziko a 2004 amanena poyera kuti woimbidwa mlandu ayesedwe wosalakwa kufikira khoti litagamula, kuti ali ndi ufulu wa wom'teteza, ndi kuti loya angathe kulankhula ndi munthu wake mseri ngakhale ali m'chitolokosi. Amavomerezanso kuti m'dziko muno muli njira zambiri zothetsera milandu, kuphatikizapo za makolo. Mawu okoma onsewa alipo, ndipo sindiwapeputsa. Koma maloya ochuluka ali ku Maputo, kumene kuli mabanki ndi makampani olipira bwino. Owerengeka a chigawo chathu ali mumzinda wa Tete, mtunda woposa makilomita 200 kuchokera pa Ulongwe. Ndipo mlimi wa ku Lifidzi kapena wa ku Tsangano amene wagulitsa thumba la nyemba kuti apeze yokwerera, akaganiza za ulendowo, za pogona, ndi za malipiro amene sadziwa kukula kwake, amati bola kuusiya mlanduwo m'manja mwa Mulungu.

Amene afuna kuona pamene mbiri ya ophunzira imaonongekera, akakhale tsiku limodzi pakhonde la khoti la boma lina lililonse la kumapiri kuno. Adzaona agogo aakazi atakhala pansi chitambasulire miyendo, atalawirira ndi tambala woyamba, m'nsonga ya chitenje atamanga kapepala koitanira kamene iwo sangathe kukawerenga, pambali pawo pali mdzukulu wa sukulu amene wajomba kuti awaperekeze. Dzuwa likafika paliwombo amaitanidwa. Amalowa, nagwada, nauzidwa kuti adzuke. Akuluakulu ovala mikanjo yakuda amalankhulana Chipwitikizi kwa nthawi, mapepala akutembenuzidwa, womasulira, ngati alipo, amafinya mawu a nthawi yonseyo kukhala mpweya umodzi, ndipo potuluka mumamva agogo aja akufunsa chapansipansi: "Iwe, atitu chiyani abwanawo?" "Akuti mubwerenso Lachinayi, agogo." "Nanga za munda?" "Za munda sanatchule." Pa milandu ya upandu nkhani imakula koposa, pakuti n'chodziwika m'makhoti athu kuti woteteza wina, wopatsidwa mlandu m'mawa womwewo, asanalankhulepo ndi munthu amene akum'teteza, ikafika nthawi yake amangoimirira, nanena mawu awiri a Chipwitikizi opempha kuti chilungamo chichitike, nakhala pansi. M'buku la khoti mumalembedwa kuti woimbidwa mlandu anali ndi wom'teteza. Mwini wakeyo amapita kundende osadziwa kuti munthu uja anaimirira anali wake.

Apa ndiye pagona udindo woyamba wa munthu wophunzira, umene m'maso mwanga umaposa ena onse: kuti mwini nkhani amve nkhani yake. Pakuti malamulo a dziko lino, kunena zoona, m'malo ambiri ali kumbali ya wakumudzi, koma wakumudziyo sanauzidwe. Lamulo la malo la 1997 linati nthaka ndi ya boma ndipo siigulitsidwa, koma linatinso munthu kapena mudzi wokhala pamalo monga mwa mwambo ali ndi ufulu pamalopo ngakhale alibe pepala, kuti nzika imene yalima malo mokhulupirika kwa zaka 10 ili ndi ufulu womwewo, ndi kuti umboni wapakamwa wa amuna ndi akazi a m'mudzimo ndi umboni wokwanira. Lamulo la chuma cha masiye la 2019 linakweza mkazi kapena mwamuna wotsala kuti aime mzere woyamba pamodzi ndi ana, kusiyana ndi kale pamene ankadikira kumbuyo kwa abale a malemu. Munthu wogwidwa ndi apolisi ayenera kuonekera kwa woweruza pasanathe maola 48. Makhoti a m'midzi, amene lamulo lawo ndi la 1992, angathe kuyanjanitsa, kulipiritsa, kapena kugamula ntchito ya masiku osapitirira 30, koma alibe mphamvu yotsekera munthu. Nanga mwa akazi amasiye amene amalandidwa malata ndi ng'ombe adzukulu asanasambe m'manja, ndi angati amene anamva zimenezi m'chilankhulo chawo? Nzeru yotere ikakhala m'mutu mwa anthu owerengeka, nasafuna kuigawa pokhapokha ndalama itaoneka, anthu sakulakwa kwenikweni poiyesa ufiti.

Chimodzimodzinso pa nyengo yolembetsa fodya, pamene alimi amafola pansi pa mtengo kuti alandire mbewu ndi feteleza wangongole. Mlangizi amatsegula chikwama panjinga yamoto, natulutsa mapepala a pangano, mlimi amapaka chala chachikulu mu inki, nadinda pamene alozeredwa, napukuta chalacho pa buluku, ndipo ukam'funsa chimene wavomera amati, "Atiuza kuti ndi zomwe zija za chaka chatha." Sindikana kuti ulimi wa pangano wamanga nyumba zamalata ndi kuphunzitsa ana ambiri m'maboma a Angónia, Tsangano ndi Macanga. Koma pepala limene mlimiyo wadinda linalembedwa ndi loya, maakaunti ake anawerengedwa ndi katswiri, magiredi a fodya adzaikidwa ndi katswiri wina, ndipo mwa onsewa palibe ndi mmodzi yemwe amene ali wa mlimi. Safunsa anadya phula, inde. Koma wofunsa ayenera kupeza womuyankha. Mlangizi amene angataye kanthawi kuwerenga panganolo mokweza m'Chichewa, kufotokoza kukula kwa ngongole ndi chimene chidzachitike matalala akagwa, wachita ntchito ya ulemu kuposa digiri yake, ngakhale abwana ake am'nene kuti akuchedwetsa mzere.

Udindo wina umene maloya ena amauzemba ndiwo kuuza munthu wawo choonadi chowawa. Mlandu wina ndi wakufa chiyambire, ndipo loya amaona zimenezi tsiku loyamba. Woongoka mtima amanena kuti, "Bambo, apa musataye mbuzi zanu, pitani mukagwirizane ndi mbale wanuyo kwa mfumu," koma wadyera amati tiyese, nalandira za ulendo, nalandira za mapepala, nalandira za chidindo, popanda kalisiti ngakhale kamodzi, kufikira khola litatsala ndi zitosi zokha. Woteroyo akachita izi kwa banja limodzi, mudzi wonse umamva, ndipo nsomba ikaola imodzi zonse zaola.

Koma tsopano nditembenukire kwa ife eni midzi, pakuti pali mlandu wina umene timaimba maloya pamene iwo sanalakwe. Timati: munthu wophunzira, wopemphera, aimirira bwanji kumbali ya wakuba ng'ombe amene tonse tikum'dziwa? Yankho n'lakuti "tonse tikum'dziwa" ndi mawu amene aphetsa anthu ambiri osalakwa, kuyambira nthawi ya mwavi kufikira masiku ano a kutentha anthu ndi matayala. Loya sanalumbire kuti munthu wake ndi woyera. Ntchito yake n'kuonetsetsa kuti boma, limene lili ndi apolisi, mfuti ndi ndende, lisalange munthu popanda kuonetsa umboni, ndi kuti wakuba nkhuku asalandire chilango cha wakupha munthu. Saloledwa kunama kwa woweruza, saloledwa kugula mboni, saloledwa kuulula chinsinsi chimene munthu wake wam'nong'oneza. Pakati pa malire amenewa ayenera kumenya nkhondo ndi mphamvu zake zonse. Ndaona kuti amene amanyoza kwambiri ntchito imeneyi ndi amene mwana wawo sanagonepo ku polisi. Tsiku limene wagonako, wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko, ndipo m'mawa mwake amakhala oyamba kufunsa kumene kuli ofesi ya IPAJ.

Ndiponso m'chigawo chathu chomwe chino muli umboni wakuti cholembera chingathe kuima kumbali ya wofooka. Pamene kampani ya Vale inasamutsa mabanja oposa 1,300 ku Moatize m'zaka za 2009 ndi 2010 kuti ikumbe malasha, ambiri naikidwa ku Cateme, kutali ndi msika ndi mtsinje, panthaka yosabala, anthu anayamba ndi kudandaula, natsiriza ndi kutseka njanji mu Janyuwale 2012, nakumana ndi zibonga za apolisi. M'zaka zotsatira bungwe la maloya linatengera kukhoti nkhani za anthu okhudzidwa ndi migodi, kuphatikizapo a ku Cassoca amene ankapuma fumbi la mgodi wa kampani ya Jindal asanasamutsidwe. Pa mlandu wa ngongole zobisika, za madola pafupifupi mabiliyoni awiri, umene unazengedwa m'chihema pandende ya ku Machava kuyambira mu Ogasiti 2021, dziko lonse likuonera pa wailesi yakanema, bungwe lomwelo linakhala kumbali yothandiza otsutsa. Ndipo mu Disembala 2022 anthu 11 mwa 19 anapezeka olakwa, mwana wa pulezidenti wakale ali momwemo. Wina anganene kuti nsomba zazikulu zinapulumuka, ndipo sinditsutsana naye; khoswe akakhala pamkhate sapheka. Komabe anthu anaona ndi maso awo akuluakulu akufunsidwa mafunso nasowa poyankha, ndipo ofunsawo anali anthu a malamulo.

Ena analipira ndi mwazi. Gilles Cistac, mphunzitsi wa malamulo aakulu a dziko, anaomberedwa m'mawa pa 3 Malichi 2015 mumzinda wa Maputo, atanena maganizo ake pa nkhani ya ulamuliro wa zigawo. Elvino Dias, loya wa Venâncio Mondlane amene anapikisana nawo pa chisankho cha pulezidenti, anaomberedwa m'galimoto lake pamodzi ndi Paulo Guambe usiku wa pa 18 kuchera pa 19 Okutobala 2024, ali mkati mokonza madandaulo a chisankho. Munthu angathe kugwirizana ndi ndale za anthu amenewa kapena kutsutsana nazo. Chimene sangakane n'chakuti zipolopolo sizitsata munthu amene ntchito yake ili yopanda pake.

Zimene ndanena za loya zimakhudza onse amene timawakhulupirira pa zinthu zimene sitingathe kuziyesa tokha. Wodwala sangadziwe ngati mbulu wa mankhwala umene wapatsidwa ndi woyenera. Kholo losaphunzira silingadziwe ngati malikisi a mwana ndi a mutu wake kapena a thumba. Oyenda pamlatho sangadziwe kuchuluka kwa simenti imene inalowamo kufikira mvula ya Febuluwale itayankha. Kumbukirani za ku Chitima mu Janyuwale 2015, pamene anthu 75 anafa atamwa mowa wa pamaliro. Mphekesera inathamanga kuti wina anathiramo ndulu ya ng'ona, manyuzipepala a kunja nailemba monga choona, ndipo m'midzi anthu anayamba kuyang'anana ndi maso ofiira, ngakhale mayi wofulula mowawo anali mmodzi mwa akufa. Akatswiri a zaumoyo sanathamange ndi khamu. Anatumiza zoyesa kunja, nadikira miyezi, ndipo mu Novembala chaka chomwecho kunadziwika kuti imfayo inachokera ku poizoni wa tizilombo tomera mu ufa umene unaonongeka ndi madzi osefukira. Kudekha kwawo kunachotsa mlandu pamitu ya anthu osalakwa, ndipo kunatiphunzitsa tonse kuopa ufa wovunda. Imeneyo ndiyo ntchito ya wophunzira: kunena chimene wapeza, ngakhale khamu likufuna kumva china.

Tili ndi chizolowezi m'dziko muno chotcha dotolo aliyense wotuluka ku yunivesite, kaya anaphunzira malamulo, kaya zachuma, kaya za nthaka pa sukulu ya zaulimi ya UniZambeze pa Ulongwe pompano. Ndipo ulemuwo si woipa, ungoipa pamene wolandirayo auyesa chilolezo choti asafunsidwe. Koma ifenso timawaononga ana athuwa. Ndife amene timafika pa ofesi nkhuku ili m'khwapa tisanapemphedwe. Ndife amene timati "ya refresko iyi, adotolo," kuti pepala lathu lidumphe la mnzathu amene anabwera dzulo. Ndife amene mwana wa mlongo wathu akakhala kalaliki wa khoti timam'tumira mawu kuti, "Mphwanga, fayilo ya msuweni wakoyo isowe," ndipo akakana timam'nena pamaliro kuti sukulu inam'chotsa umunthu. Kenaka madzulo timakhala pamoto n'kumati ophunzira onse ndi akuba. Wachiphuphu sagula yekha ndi kugulitsa yekha.

Ndikudziwa kuti adzandiyankha za malipiro, ndipo yankholo lili ndi thupi. Madotolo a dziko lino ananyanyala ntchito mu 2013, nanyanyalanso mu 2023. Aphunzitsi akhala akulirira ndalama za maola owonjezera. Namwino wa kuchipatala chakumudzi amagwira ntchito usiku ndi nyali ya foni, magolovesi atatha. Boma limene lisunga antchito ake ndi njala likufesa ziphuphu ndi dzanja lake lomwe. Koma njala ya namwino siyenera kulipidwa ndi mayi wobereka, amene ali wosauka kuposa iye. Mkangano wa malipiro uli ndi bwalo lake, ndipo bwalolo si bedi la wodwala kapena khonde la khoti. Mabungwe a ntchitozi, la maloya, la madotolo, la mainjiniya, ali ndi mphamvu yolanga mamembala awo, kufikira kuwaletsa ntchito. Koma mphamvu imene wodandaula sadziwa khomo lake ndi mphamvu yogona. Ndi mlimi uti wa ku Domwe amene akudziwa kuti loya wom'dyera ndalama angathe kukam'nenera kwa anzake a ntchito, ndi kuti kalata yotero imapita kuti?

Anthu a kuno saiwala wophunzira amene anakhala nawo. Kufikira lero amatchula maina a ansembe awiri a Chiyezuiti, bambo João de Deus Kamtedza, mwana wa ku Angónia konkuno, ndi bambo Sílvio Moreira, amene anakhala pakati pa anthu m'masiku a nkhondo pamene akanatha kuchoka, natengedwa usiku ku Chapotera pa 30 Okutobala 1985 naphedwa. Sindipempha loya kapena dotolo kuti afe. Ndipempha chinthu chaching'ono kwambiri, kuti apezeke. Bungwe la maloya limafuna kuti wotsiriza sukulu ayambe waphunzira ntchito pansi pa mkulu asanalandiridwe. Likanachita bwino kulamula kuti miyezi ina ya nthawi imeneyo ikhale m'maboma akutali monga lathu lino, ndi kuti ana a kuno amene anayamwa Chichewa atumizidwe kwawo. A IPAJ akanaika tebulo pamsika tsiku la msika, pamene anthu a m'midzi yonse asonkhana kale, m'malo modikira kuti wosauka apeze yekha chitseko chawo. Wailesi zolankhula chilankhulo chathu zikanapatula nthawi sabata ndi sabata kuti munthu wa malamulo ayankhe mafunso a malo, a maukwati ndi a chuma cha masiye, mafumu ndi oweruza a makhoti a m'midzi akumvetsera nawo, popeza milandu yochuluka imathera kwa iwo. Ndipo pachitseko cha khoti lililonse, cha chipatala ndi cha ofesi ya malo, pakanakhomedwa pepala lolembedwa m'Chichewa ndi zilembo zazikulu, lonena ntchito zimene zili zaulere, mtengo wa zimene zili zolipira, kuti wolipira apatsidwe lisiti, ndi dzina la ofesi kumene wolakwiridwa angakadandaule.